Khirisimasi ya m'chisanu ku Britain: ndalama za magetsi ndi gasi zimathera pati?

Ku Malawi Khirisimasi imafika mvula ikugwa, chimanga chili m'mawondo, ana akuthamanga panja opanda juzi. Ku Britain n'zosiyana kutalitali. Pa 21 Disembala dzuwa ku London limatuluka 8 koloko itangodutsa n'kulowa 4 koloko isanakwane, ndipo ku Edinburgh usana sukwana n'komwe maola 7. Masukulu atseka, maofesi ambiri atseka, banja lonse labindikira m'nyumba, alendo abwera, uvuni sukuzima. Amalawi okhala ku Leicester, Manchester, Glasgow ndi mizinda ina, kaya ndi anamwino, osamalira okalamba kapena ophunzira, amadziwa kuti kumbuyo kwa chisangalalo chonsecho kukubwera bilu ya Januwale. Chodabwitsa n'chakuti zinthu zimene anthu amalimbana nazo pofuna kuchepetsa biluyo nthawi zambiri si zimene zimadya ndalama.

Nkhani ya bilu yakuliranji chonchi m'zaka zaposachedwazi?

Gwero lake ndi mtengo wa gasi. Nyumba pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse ku Britain zimafunditsidwa ndi gasi, ndipo gawo lina lalikulu la magetsi a dzikolo limapangidwa poyatsa gasi yemweyo. Mitengo inayamba kukwera mu 2021, ndiye Russia itathira nkhondo dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022 inachita kulumpha. Bungwe la Ofgem, loyang'anira makampani ogulitsa magetsi ndi gasi, lakhala likuika malire a mitengo kuyambira mu Januwale 2019. Mu Okutobala 2021 malirewo ankatanthauza kuti banja wamba lilipira £1,277 pachaka. Patangotha chaka chimodzi ndalamayo inali yoti ifike pa £3,549, mpaka boma linalowererapo n'kuitsitsira pa £2,500. Mitengo yatsikako kuchokera nthawi imeneyo, koma sinabwerere mwakale.

Obwera kumene amasokonezeka pa chinthu chimodzi. Malire a Ofgem sakutanthauza kuti bilu ikafika pa ndalama zakutizakuti imaima. Chimene chimaikiridwa malire ndi mtengo wa yuniti imodzi, pamodzi ndi kandalama ka tsiku ndi tsiku kamene munthu amalipira ngakhale asanayatse kanthu. Yunitiyo ndi yomwe ija anthu amagula ku ESCOM: chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola lathunthu chadya yuniti imodzi. M'zaka za 2024 ndi 2025 yuniti ya magetsi inkasinthasintha pakati pa 22p ndi 29p, pamene ya gasi inali pakati pa 5p ndi 8p. Masamu a m'nkhani ino atengera 25p pa magetsi ndi 6p pa gasi. Kusiyana kumeneku ndiye msana wa nkhani yonse, chifukwa kutentha kochokera ku magetsi n'kodula pafupifupi kanayi kuposa kochokera ku gasi.

Tinyale ta pamtengo wa Khirisimasi si ndito timamaliza mayunitsi?

Ayi ndithu. Chingwe cha tinyale 100 ta mtundu wakale, tija timatentha munthu akatigwira, chimakoka mawati pafupifupi 40. Chikamayaka maola 6 patsiku kwa masiku 30 chimadya mayunitsi 7 ndi kachidutswa, amene ndi £1.80. Chingwe cha tinyale 100 ta LED chimakoka mawati ngati 5, ndiye mwezi wonse sichimaliza n'komwe yuniti imodzi, 23p basi. Bambo amene akukalipira ana kuti asiya mtengo ukuwala, iye n'kukatha mphindi 10 m'shawa ya magetsi ya mawati 9,000, wadya yuniti imodzi ndi theka. Pamenepo waposa zimene tinyale ta LED tingadye kuyambira pa 1 Disembala mpaka Chaka Chatsopano.

Tinyale tamagetsi pamtengo tinayambira ku New York mu 1882, pamene Edward H. Johnson, mnzake wa Thomas Edison pantchito, anakoleka mababu 80 ofiira, oyera ndi abuluu pamtengo wa m'nyumba mwake. M'mbuyomo anthu ankamangirira makandulo oyaka panthambi, ndowa ya madzi ili pambali. Mababu a Johnson ndi zidzukulu zake ankawala potenthetsa kawaya, motero mphamvu yambiri inkathera mu kutentha osati mu kuwala. LED sitenthetsa kawaya, n'chifukwa chake imadya pang'ono. Akatswiri atatu obadwira ku Japan amene anapanga LED ya buluu, imene inatsegula njira yopangira kuwala koyera, analandira mphoto ya Nobel mu 2014: Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura.

Phindu la LED limaoneka bwino tinyale tikachuluka. Mtengo wotchuka wa pa Rockefeller Center ku New York utasinthidwira ku LED mu 2007, magetsi ake anatsika kuchoka pa mayunitsi 3,510 patsiku kufika pa 1,297. Chimodzimodzi banja limene lakuta denga, mpanda ndi khonde ndi zingwe zambirimbiri, n'kuikanso zidole zikuluzikulu zopopa zimene kafani kake kamazungulira osapuma, limeneli lili ndi chifukwa chogulira LED ndi timer yoyatsa 4 koloko n'kuzimitsa 10 koloko. Tinyale ta sola timakhumudwitsa mu Disembala, poti dzuwa loti tidye palibe. Ta m'nyumba tizizimitsidwa pokagona ndi pochoka, koma chifukwa chake ndi kuopa ngozi ya moto, osati bilu.

Nanga chimene chimadya kwambiri n'chiyani?

Kufunditsa nyumba ndi kutenthetsa madzi. Ziwirizi zimatenga ndalama zoposa theka la bilu ya chaka chonse, ndipo mu Disembala ndi Januwale gawolo limakula kuposa pamenepo. M'zaka za 2024 ndi 2025 Ofgem inkawerengera kuti banja wamba limagwiritsa ntchito mayunitsi 2,700 a magetsi pachaka, koma a gasi 11,500, ndipo ambiri mwa a gasiwo amapita m'miyezi yozizira.

Choncho chipangizo chofunika kwambiri m'nyumba pa Khirisimasi ndi kabokosi ka pakhoma kotchedwa thermostat, kamene kamauza boila nthawi yoyaka ndi yopuma. Bungwe la Energy Saving Trust limalangiza kuti kaziikidwa pakati pa madigiri 18 ndi 21, ndipo kutsitsa digiri imodzi yokha kumachepetsa ndalama zofunditsira nyumba ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse. Munthu wokulira ku Nsanje kapena ku Salima amafuna m'nyumba muzimveka ngati kwawo, ndiye amaika pa 25 n'kumayendayenda atavala kabudula ndi vesiti. Ufulu ndi wake, koma digiri iliyonse pamwamba pa 20 akuilipira. Juzi, masokosi okhuthala ndi malaya ovala mophatikiza zimapangitsa madigiri 19 kumveka bwinobwino.

Pali zikhulupiriro ziwiri zofala zimene zimaboola m'thumba. China n'chakuti munthu akafika m'nyumba mozizira n'kukweza thermostat mpaka 30 ndiye kuti mufunda msanga. Si choncho. Boila imagwira ntchito pa liwiro lake lomwelo, kungoti siima ikafika pa 20, imapitirira mpaka wina atayamba kutuluka thukuta n'kutsegula windo. Chinacho n'chakuti kusiya boila ikuyaka pang'onopang'ono usana ndi usiku n'kotchipa kuposa kuiyatsa pa nthawi yake. M'nyumba zambiri za boila ya gasi zimenezi si zoona, chifukwa nyumba yofunda imataya kutentha nthawi yonse, muli anthu kapena mulibe.

Koma kutsitsa kuli ndi polekezera. Achipatala ku Britain amati m'zipinda zokhalamo musazizire kuposa madigiri 18, makamaka mukakhala okalamba ndi odwala mtima kapena chifuwa. Agogo amene abwera kudzaona zidzukulu kuchokera ku Zomba, thupi lawo lisanazolowere, si anthu oyeserapo kusunga ndalama. Chipinda chogona khanda ndiye chimafuna madigiri 16 mpaka 20, osapitirira.

Pa boila penipenipo pali choti munthu n'kusintha?

Chilipo, ndipo anthu ambiri sakudziwa. Kuyambira mu 2005, pafupifupi boila iliyonse ya gasi yoikidwa ku England ndi Wales imayenera kukhala ya mtundu umene umabweza kutentha kwa nthunzi ya mu utsi wake m'malo mokutayira kunja. Koma imachita zimenezi bwino pokhapokha madzi obwerera kuchokera ku marediyeta akhale osapitirira madigiri pafupifupi 55. Maboila ambiri anasiyidwa akutumiza madzi a madigiri 70 kapena 80, ndiye luso lawolo limangogona. Mu 2022 bungwe la Nesta linachita kampeni yolimbikitsa anthu a boila ya mtundu wa combi, ija yopanda thanki ya madzi otentha, kutsitsa madzi opita ku marediyeta kufika pa madigiri 60. Marediyeta sawotchanso dzanja, nyumba imafunda mochedwerako, koma imafikabe pamene thermostat yaikidwa, gasi atapita wochepa.

Amene ali ndi thanki asamale. Madzi osungidwa m'thanki ayenera kufika madigiri 60 kuti tizilombo ta legionella, toyambitsa chibayo choopsa, tisaswane.

Zotsalazo n'zamanja. Rediyeta imene yatentha pansi koma pamwamba pali zii ili ndi mpweya m'kati, ndipo kakiyi kotchipa kwambiri kamautulutsa. Marediyeta a m'zipinda zopanda anthu atsitsidwe, zitseko zake zitsekedwe. Ndiye pali vuto la nyengo ino yokha: pofuna malo a mtengo, sofa imakankhidwira pa rediyeta, kutentha konse n'kumathera kumsana kwa sofa. Mtengo weniweni ukaimikidwa pafupi ndi rediyeta nawonso umauma msanga n'kuyamba kuyoyoka.

Sikungakhale kotchipa kuzimitsa boila n'kuyatsa kahita m'chipinda chochezera?

Kawirikawiri ayi. Hita ya mawati 2,000 imadya 50p pa ola. Maola 6 patsiku ndi £3, pamwezi £90, kufunditsa chipinda chimodzi chokha. Ndipo pasakhale wonamizidwa ndi otsatsa malonda a timahita todula amene amati n'ta luso latsopano. Hita iliyonse yolumikiza pa soketi, yotchipa kapena yodula, imasandutsa yuniti imodzi ya magetsi kukhala yuniti imodzi ya kutentha, osaposa apo. Imathandiza pamene munthu ali yekha m'nyumba yaikulu ndipo akufuna kufunditsa kachipinda kamodzi kwa ola limodzi kapena awiri. Banja lonse likakhalapo, gasi ndiye wotchipa.

Chimene chimaposa zonse ndi kufunditsa munthu m'malo mofunditsa chipinda. Bulangeti la magetsi lofunda pa sofa limakoka mawati ngati 100, osakwana 3p pa ola. Botolo la rabala la madzi otentha ndi lotchipa kuposa pamenepo, bola madziwo asakhale owira kumene ndipo botololo lisakhale lokalamba.

Okhala m'mafulati opanda gasi, amene ali ndi mahita osunga kutentha m'njerwa, nkhani yawo ndi ina. Ambiri ali pa mtengo wa Economy 7, umene magetsi ake amatchipa kwa maola 7 usiku n'kudula masana. Amenewa ndiye kahita ka masana kamawapweteka kwambiri.

Wochita lendi, amene sangasinthe mawindo kapena makoma, angatani?

Nyumba imodzi mwa zisanu zilizonse ku England inamangidwa chisanafike chaka cha 1919, ndipo zambiri mwa nyumba zogundizana za njerwa zofiira zimene obwera kumene amapeza ndi zimenezi. Kufunditsa nyumba yotere mphepo ikulowa pansi pa chitseko kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Koma mipata yambiri imatsekeka popanda kupempha chilolezo kwa landilodi: thaulo lakale lopindidwa pansi pa chitseko, timizere ta siponji tomata m'mphepete mwa mawindo, kaburashi pa kabowo koponyera makalata, kalipeti pa matabwa a pansi. Makatani atsekulidwe masana kuti kadzuwa kochepako kalowe, atsekedwe mdima ukangoyamba, ndipo asaphimbe rediyeta.

Mabowo amene anaikidwa dala kuti mpweya uziyenda, m'khitchini, m'bafa, pamwamba pa mawindo kapena pafupi ndi boila, asatsekedwe. Nyumba yodzaza anthu, mapoto akuwira, zovala zitayanikidwa pa rediyeta, imadzaza chinyontho. Chinyonthocho chikakhudza khoma lozizira chimasanduka madontho, kenako nkhungu yakuda. Imeneyi si nkhani ya maonekedwe chabe. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale atadwala chifukwa cha nkhungu ya m'fulati imene banja lake linkakhala, ndipo imfa yake inabala lamulo lokakamiza eni nyumba za makhonsolo ndi mabungwe kukonza vutoli mwachangu. Kutsegula windo la m'khitchini kwa mphindi zochepa mutatha kuphika, chitseko cha khitchiniyo chili chotseka, kumataya kutentha pang'ono koma kumatulutsa chinyontho chambiri. Mpweya wouma umafundanso msanga kuposa wachinyontho.

Bwanji osangolowetsa makala kapena kuyatsa makandulo ambiri?

Apa mpofunika kunena mosapsatira: makala m'nyumba amapha. Mu Juni ndi Julayi ku Dedza kapena ku Mzuzu anthu amawotha mbaula, ndipo ngakhale kumeneko, kumene mphepo imalowa m'mipata ya malata, ena amagona osadzukanso. Nyumba ya ku Britain ya mawindo a magalasi awiri ndi zitseko za rabala siipatsa utsi pothawira. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene pa phwando munthu angaziyese kutopa kapena mowa. Chowotchera nyama chikhale panja, ndipo chisalowetsedwe m'nyumba, m'galaja kapena m'khonde lotseka ngakhale moto utaoneka kuti wazima, poti makala ozilala amatulutsabe mpweyawo. Kusiya chitseko cha uvuni wa gasi chotsegula kuti m'khitchini mufunde ndi ngozi yomweyo.

Kuyambira pa 1 Okutobala 2022, landilodi ku England ayenera kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chilichonse chimene muli boila kapena chofunditsira choyaka moto, ndipo zipangizo za gasi ziyenera kuyezedwa chaka chilichonse ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe. Alamu ikalira, kapena gasi akamveka fungo, anthu atsegule mawindo, atuluke, aimbe 0800 111 999.

Makandulo ndi okongoletsa basi. Kandulo yaing'ono imatulutsa kutentha kwa mawati 30 kapena 40, ndiye pangafunike makandulo oposa 50 kuti afanane ndi hita imodzi. Nzeru ija inafala pa intaneti mu 2022, yovundikira makandulo ndi mphika wa maluwa, siwonjezera kutentha ngakhale pang'ono, ndipo ozimitsa moto anachenjeza kuti ikuyambitsa ngozi.

Kukhitchini nako, poti uvuni uyaka tsiku lonse?

Chakudya cha tsikulo si chimene chimagwetsa banja. Uvuni wa magetsi utakoka mawati 2,000 osapuma kwa maola 4 ungadye mayunitsi 8, amene ndi £2, ndipo zoona zake sufika pamenepo chifukwa ukatentha umapumira. Pa chakudya cha anthu 10 ndalama imeneyi si yodandaulitsa. Chimene chimawononga ndi kuyatsa uvuni katatu kapena kanayi, nkhuku payokha, mbatatesi payokha, keke payokha, uvuni ukuzizira n'kuyambiranso. Wophika wochenjera amadzaza mashelefu onse nthawi imodzi, kapena amalowetsa china chikangotuluka china. Amayang'anira pa galasi m'malo motsegulatsegula chitseko. Uvuni wa fani amautsitsa ndi madigiri 20 poyerekeza ndi wamba.

Ndiye pali nkhani ya nkhukundembo. Ya makilogalamu 5 imafuna maola atatu kapena kuposerapo mu uvuni, ndipo ngati inali youmitsidwa imafuna maola 10 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse kuti isungunuke m'furiji, kutanthauza masiku awiri ndi theka. Nkhuku ziwiri za kilogalamu imodzi ndi theka zimapsa pamodzi pa ola limodzi ndi theka. Mabanja ambiri a Amalawi amagula nkhukundembo chifukwa ana aona kwa anzawo akusukulu, koma mbale imene imayamba kutha patebulo ndi ya nkhuku ndi mpunga. Kaya ndi iti, nyama ya mbalame isachotsedwe msanga pofuna kusunga magetsi. M'kati mwa ntchafu muyenera kufika madigiri 75, madzi otuluka akhale oyera, osati ofiirira.

Ndiwo zochedwa kupsa ndizo zimapereka mpata waukulu. Nyama ya mbuzi, mang'ina ndi nkhuku yolimba ija ya m'mashopu a zakudya za ku Africa zikhoza kukhala maola atatu pa mbaula ya magetsi. Mu slow cooker ya mawati 200 zikhoza kuphikidwa usiku wonse, maola 8, n'kudya 40p yokha, m'mawa mbaula ili yopanda kanthu kudikira mpunga ndi nsima. Pressure cooker imapsetsa nyemba zonyikidwa usiku pa theka la ola, pamene m'poto wamba zimatha maola awiri. Nyemba zofiira zili ndi lamulo lake: ziyambe zabwata kwambiri kwa mphindi 10 zisanalowe mu slow cooker, chifukwa zili ndi poizoni wachilengedwe amene kutentha kochepa sikumupha.

Chivundikiro pa poto chimafulumizitsa kuwira, ndipo poto wamng'ono pa moto waukulu amangotenthetsa mpweya wa m'mbali. Ketulo imakoka mawati 3,000, koma kwa kanthawi kochepa, ndipo lita imodzi imawira ndi 3p. Vuto ndi kuidzaza mpaka pakamwa chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi, kakhumi patsiku. Potenthetsa zotsala pa 26 Disembala, microwave ya mphindi zitatu imaposa uvuni wa theka la ola.

Furiji nayo imavutika nyengo ino. Ikhale pakati pa madigiri 0 ndi 5, ndipo chakudya chiyambe chazizira chisanalowemo, koma chisakhale panja kupitirira maola awiri. Mpunga ndiye wosachedwa kuvuta: ulowe m'furiji pasanathe ola ndipo udyedwe pasanathe tsiku. Zakumwa sizifunika furiji n'komwe. Kreti ya Fanta ndi mowa ikaikidwa panja pa khomo lakumbuyo imazizira yokha kwaulere, furiji n'kupuma kutsegulidwa ndi mlendo aliyense. Ingolowetsedwa usiku wa chisanu choopsa, mabotolo angaphulike.

Alendo akachuluka bilu imakweranso?

Mbali ina amathandiza. Munthu wamkulu atangokhala phee amatulutsa kutentha kwa mawati ngati 100. Anthu 12 pabalaza ndi hita ya mawati 1,200 yosalipira, osawerengera uvuni ndi ovina. Mwini nyumba atsitse thermostat ndi digiri imodzi kapena ziwiri alendo asanafike, kusiyana n'kudzatsegula mawindo boila ikuyaka. Chizolowezi cha Amalawi chosonkhana nyumba imodzi, aliyense atanyamula poto wake, chili ndi phindu limene ambiri saliwerengera: mabanja anayi akakumana pamodzi, nyumba zitatu zimakhala zitatsitsa boila tsiku lonse.

Alendo ogona ndiwo amadya, ndipo amadyera kubafa. Anthu 8 akasamba mphindi 10 aliyense pa shawa ya magetsi ya mawati 9,000 amatha mayunitsi 12, £3 patsiku. Akasamba mphindi 4 aliyense ndi £1.20. Kuuza apongozi kuti afulumire kubafa n'kovuta, ndiye ana ndi eni nyumba ndiwo ayambe. Makina oumitsira zovala a mtundu wakale amadya mayunitsi 4 kapena 5 ulendo umodzi, £1 kapena kuposerapo. Zofunda ndi mathaulo zichapidwe makina atadzaza, pa madigiri 30, ndipo zoyanika m'nyumba ziyanikidwe m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, windo lotsegula pang'ono.

Mtengo weniweni kapena wapulasitiki?

Pa bilu palibe kusiyana. Pa chilengedwe, bungwe la Carbon Trust linawerengera kuti mtengo wapulasitiki wa mamita awiri umawononga mpweya mofanana ndi makilogalamu 40 a carbon dioxide, pamene weniweni ndi 16 ukatayidwa kudzala, ndi 3.5 ukagayidwa kapena kuwotchedwa. Amene ali kale ndi wapulasitiki angousunga zaka 10 kapena kuposerapo. Wogula weniweni aupereke ku khonsolo mu Januwale, poti makhonsolo ambiri amatolera mitengoyi n'kuigaya.

Ana akakhalira TV ndi magemu holide yonse?

Asiyeni. Makina a magemu amakono amakoka mawati ngati 200, ndiye maola 5 ndi yuniti imodzi, 25p. TV zambiri zimakoka ochepera pamenepo. Banja likaonera pamodzi m'chipinda chimodzi, zipinda zina zili zotseka, phindu lenileni lili pa gasi amene sanayake kumeneko.

Oyendetsa magetsi a dziko lonse amaopa TV pa chifukwa china. Pulogalamu yotchuka ikatha, anthu mamiliyoni amadzuka nthawi imodzi kukayatsa ketulo. Mu 1990, England itagonja kwa West Germany pa mapenate mu semifainolo ya World Cup, kufunika kwa magetsi kunakwera mwadzidzidzi ndi mamegawati 2,800, kuwirikiza kangapo magetsi onse amene Malawi amapanga. Tsiku la Khirisimasi lenilenilo dziko limagwiritsa ntchito magetsi ochepa poyerekeza ndi masiku ena a chisanu, chifukwa mafakitale ndi maofesi amakhala otseka, ndipo chimake chimafika chakumasana, mauvuni onse akuyaka, uthenga wa Mfumu wa pa TV wa 3 koloko usanayambe.

Opita kumudzi kukadyera Khirisimasi azimitse zonse?

Zamagetsi inde, kupatula furiji ngati muli chakudya. Boila ayi. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse n'kung'amba paipi, ndipo mng'aluwo suoneka mpaka kunja kutayamba kufunda. Mu Disembala 2022 chisanu choopsa chitatsatiridwa ndi kufunda kwadzidzidzi, mapaipi anaphulika m'madera ambiri, nyumba zikwizikwi n'kukhala zopanda madzi Khirisimasi itayandikira. Munthu wobwera kuchokera ku Chileka kapena ku Lumbadzi n'kupeza siling'i itagwera pa bedi amalipira zoposa gasi wa chaka chathunthu. Thermostat isiyidwe pa madigiri 12 kapena pa chizindikiro choteteza ku chisanu, madzi atsekedwe pa mpopi waukulu umene nthawi zambiri umakhala pansi pa sinki, ndipo mnzake wodalirika asiyiridwe kiyi. Makampani ena a inshuwalansi ndi malandilodi amalemba mu pangano kutentha kumene nyumba iyenera kusiyidwa, ndiye ndi bwino kuwerenga pepalalo ulendo usanayambe. Wa mita yolipiriratu asiye mayunitsi okwanira, chifukwa kandalama ka tsiku ndi tsiku kamadulidwabe, ndipo boila ya gasi siyaka magetsi akatha.

Nanga mayunitsi akatha pakati pa holide, ndalama palibe?

Malamulo a Ofgem amakakamiza makampani kupereka ngongole yadzidzidzi kwa anthu a mita yolipiriratu, komanso kusadula magetsi pa nthawi zina zoikika, monga usiku, kumapeto kwa sabata ndi masiku a tchuthi. Ngongoleyo imadulidwa munthu akadzagulanso mayunitsi. Amene akulephera kulipira bilu aimbire kampani yake msanga, chifukwa ili ndi udindo wogwirizana naye njira yolipira pang'onopang'ono. Nyumba imene muli okalamba, odwala, amayi oyembekezera kapena ana osakwana zaka zisanu ikhoza kulembetsedwa kwaulere pa Priority Services Register, kuti izithandizidwa mwapadera magetsi akazima.

Boma lili ndi thandizo lake, monga Warm Home Discount ya £150 ndi Cold Weather Payment ya £25 pa masiku 7 alionse otsatizana amene kuzizira kwafika pa digiri 0 kapena kutsika. Koma thandizo lotere limayendera ndalama zina za boma zimene munthu akulandira kale, ndipo Amalawi ambiri a viza ya ntchito kapena ya sukulu saloledwa kulandira ndalama zimenezo. Asanapemphe chilichonse afunse ku Citizens Advice, kumene malangizo ndi aulere, kuopa kuika viza pachiswe. Chimene chili chotsegukira aliyense, mosafunsa mapepala, ndi malo ofunda amene matchalitchi, malaibulale ndi maholo a m'madera akhala akutsegula kuyambira chisanu cha 2022, ena ali ndi tiyi ndi zoseweretsa ana.

Ogula mayunitsi pa kiyi kapena pa khadi asadikire tsiku lenilenilo. Ku England ndi Wales lamulo la 2004 limaletsa mashopu akuluakulu kutsegula pa 25 Disembala, ang'onoang'ono ambiri amatsekanso mwa kufuna kwawo, ndipo mabasi ndi sitima m'mizinda yambiri siziyenda. Mita idzazidwe pofika pa 23.